Tsabola wa Amayi m'Katoni ya ku Joni

Mutu 6

1. Kuseri kwa tebulo

Tsabola amene ba Eness ankagulitsa pamsika wa Soweto mu Lusaka sanali uja woliza munthu. Anali wonenepa, wosawawa, wina wofiira wina wachikasu, uja amamudula timizeremizere n'kukongoletsera mbale m'malo ogona alendo ku Kabulonga. Anthu a ku Kabulonga amayamba kudya ndi maso. Ba Eness ankazidziwa bwino zimenezi.

Lukonde anali mwana wa mng'ono wawo. Ankakhala nawo ku Kabwata kuti aziphunzira m'tauni, ndipo chaka chimenecho anali mu Giredi 11. Loweruka lililonse malo ake anali kuseri kwa tebulo, kumene ogula saona. Zida zake zinali kansalu, lumo ndi kabotolo ka mafuta ophikira.

Ntchito yake inali yosavuta. Ankatenga tsabola m'thumba lochokera kudimba kwa amayi ake ku Chongwe n'kumupukuta fumbi. Ankafupikitsa kamchira kake ndi lumo, kudontheza mafuta pansalu, n'kumusisita mpaka awale. Akatero ankamugoneka m'katoni yoyera ya zilembo zabuluu.

Makatoniwo anali ochokeradi ku Joni. Ankabwera ndi tsabola weniweni wa kumeneko nyengo ya mvula, wa kuno akasowa. Tsabolayo ankatha, koma makatoni sankatha ayi. Ba Eness ankawasamala ngati ana akhanda, kuwamata pong'ambika ndi kuwabisa ku mvula.

Wogula akaloza tsabolayo n'kufunsa kuti, "Ni ya ku Joni iyi mpilipili?" ba Eness ankangomwetulira.

"Simuona katoni, ba madamu?"

Bodza pakamwa pawo silinkatuluka. Katoni ndiyo inkawanamira.

Amayi ake a Lukonde, ba Rhodah, sankadziwa kanthu. Lachisanu lililonse ankabwera ndi matumba awo, fumbi lili mbuu m'miyendo, ndipo mkulu wawo ankawalandira ndi nkhope yachisoni. "Yako siyenda, Rhodah. Bantu bafuna ya ku Joni. Nizayesa chabe, ndaba ndiwe m'bale wanga." Ba Rhodah ankathokoza, ankathokoza mpaka kugwada.

Lukonde ankaziona zonsezi n'kukhala chete. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wake unali denga limene iye ankagonamo.

2. Nsanja za Sean

Kusukulu kunali kukonzedwa chionetsero. A Ng'andu, mphunzitsi wa zaulimi, anapatsa Lukonde ndi mnzake Sean ntchito yofufuza za tsabola. Anafuna kudziwa ngati tsabola wa m'dziko muno akuchuluka kapena kuchepa pamsika zaka zapitazi, poyerekeza ndi wochokera kumaiko oyandikana nawo.

Sean anali mnyamata wa ku Woodlands, wakhama, wosadziwa kukhala pansi. Anazungulira Soweto yense, kufunsa amalonda ndi kuyang'ana matebulo. Anafunsanso amayi ake, ba Abby, amene ankagula zakudya za malo ena ogona alendo ku Kabulonga. Ba Abby ndiwo anali kasitomala wamkulu wa ba Eness.

Onse anamuuza zofanana. Kale matebulo ankadzaza matumba, ndipo thumba ndiye kuti tsabola wa kuno. Wa ku Tanzania ankabwera m'mabokosi a matabwa, osachuluka osachepa, chaka ndi chaka chimodzimodzi. Koma makatoni a ku Joni, amene kale ankaoneka nyengo ya mvula yokha, tsopano anali ponseponse chaka chonse.

"Tisajambule chabe pa pepala," anatero Sean, maso ali gwa. "Timange nsanja. Uku masaka, uku makatoni, chaka na chaka. Bantu baone na maso."

Nzeru inali yabwino, tisaname. Anamanga nsanja m'holo ya sukulu. Kumanzere milu ya matumba inkafupika chaka ndi chaka mpaka kutsala kathumba kamodzi. Kumanja makatoni ankakwera ngati masitepe mpaka kupitirira mutu wa munthu. Makatoniwo anabwereka kwa ba Eness. Anawapempha ndi ba Abby, ndiye akanakana bwanji?

Lukonde anathandiza kumanga. Anamata zaka, anaongola mizere, anasekerera a Ng'andu atanena kuti mphoto ikununkhira. Iye ankadziwa chimene chinali m'makatoni ambiri a pa Soweto, pakuti si ba Eness okha ankachita. Koma mphoto ndi yokoma, ndipo kukhala chete sikutopetsa.

3. Mawu a ba Eness

Kutatsala sabata kuti chionetsero chichitike, ba Rhodah anabwera ndi matumba monga mwa masiku onse. Atatula, anaitana mwana wawo pambali.

"Lukonde, nalema," anatero. "Nizabweletsa ya sabata ya mawa, ndiye yosiliza. Nizazula yonse. Dimba nizabwezela bene bake. Nalimbana nayo zaka zambili, koma manja yanga siyaziba kulima vintu va bantu ba ndalama."

Anaseka pang'ono ponena izi, kuseka kwa munthu wobisa misozi. Lukonde anayang'ana manja a amayi ake, ong'aluka ndi madzi a kudimba. Zinamupweteka kwambiri.

Loweruka m'mawa anakhala kuseri kwa tebulo, koma kansalu sanakagwire.

"Ba anti, ba mayo bafuna kuzula mpilipili. Bauzeni zoona."

Ba Eness anasiya kukonza tebulo. Anayang'ana uku ndi uku, nakokera mpando pafupi.

"Nkala bwino, nikuuze. Iwe uganiza ine ninabadwa na makatoni? Pamene ninabwela mu Lusaka nenze kugulitsa mpilipili ya mu saka, na fumbi yake. Nenze kukamba zoona, ati iyi ni ya pa Chongwe apa. Ba madamu benze kuinyamula, kuiyangana, kuibweza. Ati ya kuno siinkala, ati ilibe kilasi. Yenze kuolela pa tebulo, mwana wanga, ine nagona na njala mu Kabwata mwamene ugona iwe lelo.

"Siku ina nasowa poika, naika mu katoni. Mpilipili imozimozi, munda umozi. Yasila yonse zuba ikalibe kufika pamutu. Manje niuze, wabodza ni ndani, ine olo maso yao? Bantu aba sibafuna zoona, bafuna katoni. Ine nibapasa vamene bafuna.

"Iwe waphunzila pang'ono waona monga ndiwe woyela. Yangana pa mutu pako. Malata yamene yakuchinga ku mvula ni katoni iyi. Yunifomu, nsapato, basi ya ku sukulu, vonse ni katoni. Amai bako ukabauza bazalila, bazauza ba ku chechi, ba ku chechi bazauza Soweto yonse. Ba Abby bakamvela, ine nasila. Nikasila ine, iwe uzankala kuti? Mayeso yali pafupi. Uzalembela ku dimba?

"Mwana wanzelu amadya, amapukuta pakamwa, amankala zii. Ukatsegula kamwa yako, watseka chitseko changa. Usakakambe ati sininakuuze."

Mawuwo anali olemera, ndipo ena mwa iwo anali oona. Lukonde anawerama.

"Manje n'chifukwa chani mubauza ati yao siyenda?"

"Bakaziba bazayamba kuyenda beka ku Kabulonga. Ine nizadya chani?"

"Nanga bakazula?"

Ba Eness anadzuka n'kubwerera kutebulo. "Balimi ni bambili pa Chongwe," anatero, osacheuka.

Mawu amenewo ndiwo anaumitsa mtima wa Lukonde. Anagwira ntchito tsiku lonse. Poweruka, kansalu ndi kabotolo ka mafuta sanazibwezere m'bokosi lake. Anaziika m'chikwama cha kusukulu.

4. Ulendo wa ku Joni

Lachinayi Lukonde anayesa kuyankhula ndi Sean.

"Nsanja zathu zili na bodza. Tinabelenga makatoni, sitinayangane mukati."

"Iwe, mailo ni chionetsero," anatero Sean. "Ufuna tiluze? Vikasila tizakamba."

Lukonde sanalimbane naye. Anabwereka foni n'kuimbira amayi ake. "Ba mayo, mailo mukatula masaka mubwele ku sukulu. Nifuna muone vamene tapanga."

Lachisanu masana holo inadzaza. Makolo anakhala pamipando, alendo a kuofesi ya maphunziro kutsogolo. Ba Abby analipo, atavala magalasi akuda pamutu, akujambula mwana wawo. Ba Rhodah anafika mochedwa ndipo anaima kumbuyo, pafupi ndi chitseko, atakokera chitenje pansi kuti chibise mapazi afumbi.

Patsogolo pa nsanja panali tebulo. Mbali ina panali kathumba ka tsabola wa kuno, wafumbi. Mbali ina panali katoni yotsegula, tsabola wake akuwala ngati wasambitsidwa ndi mkaka. Zonse ziwiri zinachokera kwa ba Eness m'mawa womwewo.

Sean anayankhula bwino, mawu ake omveka mpaka kumbuyo. Analoza matumba akufupika, analoza makatoni akukwera.

"Choncho tapeza kuti tsabola wa m'dziko muno akutha pamsika," anamaliza. "Wa anzathu a kunja akuchuluka. Zikuoneka kuti alimi athu alephera kulima tsabola wabwino."

Anthu anaomba m'manja. Lukonde anayang'ana kumbuyo. Amayi ake sanali kuomba. Anali kugwedeza mutu pang'onopang'ono, kuvomereza, ngati munthu amene wamva kwa dokotala matenda amene ankawadziwa kale.

Gawo la Lukonde linali laling'ono. Anayenera kungothokoza alendo n'kukhala pansi. M'malo mwake anatsegula chikwama.

"Nikalibe kuthokoza, nifuna nikuonetseni njila ya ku Joni," anatero. "Ni yaifupi maningi."

Ena anaseka, kuganiza kuti ndi sewero. A Ng'andu anakweza nsidze.

Lukonde anapisa dzanja m'kathumba natulutsa tsabola mmodzi wafumbi, namukweza kuti onse amuone. Anamupukuta. Anafupikitsa kamchira. Anadontheza mafuta pansalu n'kumusisita, manja akuyenda okha chifukwa cha kuzolowera. Kenako anamugoneka m'katoni pakati pa anzake, nasakaniza pang'ono.

"Yafika," anatero. "Manje abwele munthu aionetse yamene nachosa mu saka."

Kuseka kunatha. Ba Abby anatsitsa foni, nadzuka kubwera kutsogolo. Anayang'ana m'katoni nthawi yaitali. Anatenga tsabola mmodzi, kenako wina, nanunkhiza. Anayang'ana zala zawo, ndipo zinali ndi mafuta.

"Iyi yonse ni ya pa Chongwe," anatero Lukonde. "Ndine nimapukuta, Loweluka lililonse. Ya ku Joni yeniyeni imabwela, inde, maka-maka mu mvula. Koma makatoni yamasala, ndipo yamazala na ya kuno. Ise tinabelenga makatoni, sitinabelenge mpilipili. Ya kuno ni yambili bwanji, ya kunja ni yambili bwanji, sitiziba. Ine ninaziba kuti nsanja izi ni zabodza, ndipo ninathandiza kumanga."

Anatembenuka n'kugwira katoni ya pakati pa nsanja yaitali kuti aisamutsire kumbali ya matumba. Nsanjayo inapendekeka, nigwa yonse. Makatoni opanda kanthu sapweteka munthu, koma phokoso lake linadzaza holo.

Lukonde anakweza mawu kupitirira phokosolo.

"Wamene analima iyi sanalephele. Ni baja baimilila pa chitseko. Ni ba mayo banga."

Mitu yonse inacheukira kumbuyo. Ba Rhodah anagwira pakamwa.

Wina angaganize kuti apa anthu anaimirira n'kuomba m'manja. Sizinatero. Alendo ananong'onezana. Sean anaima pakati pa makatoni, nkhope itagwa, khama lake lonse lili pansi. Ba Abby anatuluka panja, foni ili kukhutu.

A Ng'andu anamuitana Lukonde pambali anthu akubalalika.

"Wanena zoona, ndipo pamenepo sindikudzudzula," anatero. "Koma zoona zili ngati thumba la chimanga. Ukalitula msanga umalitula bwino. Ukalisenza nthawi yaitali limakugwa, n'kuphwanya ndi amene ali pafupi. Ukanabwera kwa ine tsiku loyamba, mnzakoyu sakanachita manyazi pamaso pa amayi ake. Mphoto yapita, imeneyo iwalani. Lolemba nonse awiri mudzayambirenso, ndipo ulendo uno mudzatsegule makatoni. Koma uyambe wapepesa kwa Sean."

Lukonde anapita kwa Sean napepesa. Sean anangopitiriza kutola makatoni.

5. Pakhomo

Mu minibasi ya ku Kabwata mayi ndi mwana anakhala mothinana. Ba Rhodah anali atafumbata tsabola mmodzi wa m'katoni muja. Ankamutembenuza, kumuyang'ana pansi ndi pamwamba, ngati mwana wawo amene wabwera kuchokera kutali atanenepa.

Atadutsa maloboti ndi pamene ba Rhodah anafunsa.

"Kuyambila liti?"

"Kuchokela pamene ninabwela ku tauni, ba mayo."

"Na iwe wenze kuyangana ine nigwada?"

Misozi imene Lukonde anaigwira m'holo monse inatuluka tsopano, pamaso pa kondakitala ndi anthu osawadziwa. Ba Rhodah sanamutonthoze. Sanamukalipirenso. Anangoyang'ana pawindo.

Atafika, anapeza nkhani itawatsogolera. Foni imathamanga kuposa minibasi. Azimayi oyandikana nawo nyumba anali panja, wina akusesa posesa kale, wina akuanula zovala zosauma.

Chitseko cha ba Eness chinali chotseka. Pakhonde panali katoni imodzi yoyera ya zilembo zabuluu, yomangidwa ndi chingwe. Lukonde anagwada n'kumasula. M'katimo munali yunifomu yake ina, mabuku, bulangeti ndi nsapato za kutchalitchi, zonse zopindidwa bwino. Ba Eness anali munthu wodziwa kulongedza.

Apa mantha anamugwira Lukonde kwenikweni. M'holo muja anali wolimba chifukwa mkwiyo unamunyamula. Tsopano mkwiyo unali utapita, ndipo kunatsala khonde, katoni, ndi mayeso amene anali pafupi. Ku Chongwe kunalibe malo a sukulu omudikira.

"Ba mayo, basi yosiliza ya ku Chongwe ikalibe kuyenda," anatero motsitsa. "Tiyeni. Nizanyamula."

Anaweramira katoni, koma dzanja long'aluka lija linamugwira.

"Isiye."

Ba Rhodah anamasula chitenje cha pamwamba n'kuchiyala pakhonde. Anatulutsa zovala, mabuku ndi nsapato chimodzichimodzi, naziika pachitenjepo, namanga mtolo. Katoni yopanda kanthu anaikankhira kumbali ndi phazi.

"Mpilipili yanga banaiika mu katoni," anatero, mokweza kuti ndi wosesa uja amve. "Mwana wanga iyai."

Anamupatsa Lukonde mtolowo. Koma sanalunjike kumsewu. Anakwera sitepe n'kuima pachitseko.

Lukonde anadabwa. Chibadwire chake anali asanaonepo amayi ake akukweza mawu kwa mkulu wawo. Akafika pakhomo limeneli ankaodira kamodzi, motsitsa, n'kudikira ngakhale ola lathunthu.

Ba Rhodah sanaodire. Anamenya chitseko ndi chikhatho mpaka mawindo ananjenjemera.

"Eness! Tsegula. Sininabwele kugwada lelo."

Dzina lopanda "ba" linamveka bwalo lonse. Tsache la mayi uja linaima.

M'nyumba munamveka mapazi olemera akubwera, ndipo kiyi anatembenuka m'chitseko.